Milandu iwiri pa pepala limodzi: lipoti la pempho lofufuta mbiri ya milandu ku South Africa

Lipotili ndi la mayi wina amene ofesi yathu yolangiza anthu pa zamalamulo yakhala ikumuthandiza kuyambira mu 2022. Ndiwatchula kuti Mayi N. Zonse zimene zikanawazindikiritsa ndazisiya, koma zaka ndi zilango ndazisunga chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Iwo anavomera kuti ndilembe. Ndasankha fayilo yawo chifukwa muli milandu iwiri imene lamulo limodzimodzi linaiona mosiyana: umene iwo ankauopa unafufutika popanda vuto, pamene umene sankaudziwa n'komwe ndi umene ukuwatsekerezabe ntchito imene anaphunzira mpaka lero.

Mmene anafikira kwa ife

Mayi N. ndi wa zaka za m'ma 40. Anachita maphunziro osamalira okalamba ndi odwala, anakhoza bwino, ndipo nyumba ina yosungirako okalamba inawaitana kudzera kwa ejenti wopezera anthu ntchito. Mafunso anayenda bwino, tsiku loyamba ntchito anauzidwa. Chinangotsala n'kudinda zala kuti olemba ntchitowo aone ngati ali ndi mlandu. Patapita masiku, anawaimbira foni kuti malo aja atenga wina. Palibe amene anawapatsa chifukwa pa pepala. Mtsikana wa ku ofesi ya ejenti uja ndi amene anawauza chapansipansi kuti zala zawo zatulutsa nkhani.

Anabwera ndi jumbo yodzaza makalata: ina ya abusa, ina ya mphunzitsi wa maphunziro aja, ina ya banja limene ankalichapira zovala kwa zaka zambiri, ndi yawoyawo yopepesa, masamba anayi olemba pamanja, mbali zonse. Asanakhale n'komwe pansi anati, “Bambo, ndikudziwa kuti ine sizingatheke, chifukwa ndinalowapo m'ndende. Koma mwina akawerenga makalatawa angandimvere chisoni.”

M'mawu amenewo munali zinthu zitatu zolakwika. Ankaganiza kuti aliyense amene anagonapo m'ndende sangafufutiridwe. Ankaganiza kuti nkhaniyi ndi yopempha chifundo. Ndipo ankadziwa mlandu umodzi wokha.

Ku ofesi kwathu sitilangiza munthu potengera zimene akukumbukira. Sikuti anthu amanama, ayi. Tsiku la chigamulo munthu amakhala ali ndi mantha, womasulira akuthamanga, ndipo chimene chimatsala m'mutu ndi unyolo ndi galimoto ya polisi, osati mawu enieni a majisitireti. Choncho choyamba chinali kuwatumiza ku polisi ya kufupi ndi kwawo kukadinda zala ndi kulipira kandalama kopemphera police clearance certificate, chikalata chosonyeza milandu imene munthu anapezekapo nayo wolakwa, chimene chimachokera ku Criminal Record Centre, ofesi ya polisi yosunga mbiri ya milandu ku Pretoria. Chikalatachi n'chofunikabe pa pempho lenilenilo, kotero si ndalama yotaya.

Chitabwera, chinali ndi mizere iwiri. Woyamba wa 2009: kuba, khoti la majisitireti, chindapusa cha R1 500 kapena kukhala m'ndende miyezi 3. Wachiwiri wa 2017: kumenya munthu, chindapusa cha R500 cholipira povomera kulakwa.

Mzere wachiwiriwu ndinachita kuwawerengera kawiri. Anati pakhala polakwika, iwo mu 2017 sanapondeko kukhoti. Zoonadi sanapondeko.

Zimene lamulo limanena

Kufufuta mbiri ya milandu ya akuluakulu kuli m'gawo 271B la Criminal Procedure Act 51 ya 1977, lamulo la kazengedwe ka milandu. Gawoli linawonjezedwa ndi lamulo la 2008 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2009. Gawoli silifunsa kuti munalakwa chiyani. Limafunsa kuti khoti linakupatsani chilango chanji. Zilango zimene zimalola kufufuta n'zimene lamulo laziika m'ndandanda: kungodzudzulidwa n'kumasulidwa, chigamulo chimene chinaimitsidwa mpaka munthu anamasulidwa osalangidwa, chindapusa chokha chosapitirira R20 000, ndende yokhala ndi mwayi wolipira chindapusa chosapitirira R20 000, ndende imene inaimikidwa yonse (kutanthauza kuti munthu salowa m'ndende ngati atsatira zimene khoti lamulamula), chilango chogwirira kunja moyang'aniridwa ndi a zandende, ndi ndende yolowa ndi kutuluka pa masiku oikika. Mulinso chilango cha zikoti, chifukwa alipo abambo achikulire amene anakwapulidwa ali anyamata, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lisanathetse zimenezi pa mlandu wa S v Williams mu 1995, ndipo mzere wawo ukadalipo.

Kenako pali zofunika ziwiri. Papite zaka 10 kuchokera tsiku limene munthu anapezeka wolakwa. Ndipo m'zaka 10 zimenezo asakhale atapezekanso wolakwa n'kupatsidwa ndende yopanda mwayi wa chindapusa. Amene dzina lake lili m'kaundula wa olakwira ana ndi anthu osatetezeka pa nkhani zogonana, kapena m'kaundula woteteza ana wa Children's Act 38 ya 2005, sangafufutiridwe mpaka dzinalo litachotsedwamo.

Zimenezi zikakwanira, lamulo likuti mkulu wa Dipatimenti ya Zachilungamo, Director-General, ayenera kupereka satifiketi yofufutira. Silinena kuti angathe, likuti ayenera. Iye sapima ngati munthu walapa, ngati ali ndi ana, ngati abusa akumuikira kumbuyo. N'chifukwa chake makalata onse a mu jumbo muja sanapite ku Pretoria. Ndinawauza kuti awasunge bwino, chifukwa ndinkaona kale kumene adzagwire ntchito.

Anthu ambiri amabwera atamva kuti pakapita zaka 10 mlandu umadzichokera wokha. Mphekesera imeneyi ili ndi gwero lake. Gawo 271A limanena kuti milandu ina yakale, pakapita zaka 10, khoti lisaiwerengerenso ngati mlandu wakale popereka chilango chatsopano. Zimenezo n'za m'khoti basi. Mu kompyuta ya polisi mzere umakhalabe, ndipo wolemba ntchito amauona. Mayi N. akanatha kupempha kuyambira mu 2019. Palibe amene anawauza.

Mlandu wa 2009

Anatenga mafuta odzola m'sitolo ina yaikulu, mlonda anawagwira pakhomo. Sakana, ndipo sanayesepo kundiuza kuti chinali chifukwa cha njala. Kukhoti anavomera. Chindapusa cha R1 500 analibe tsiku limenelo, choncho anawatengera kundende, ndipo anakhalako milungu ingapo mpaka mchimwene wawo anapeza ndalama n'kukawaombola.

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzigamula okha kuti sangafufutiridwe. Funso la lamulo si lakuti munagona kuti. Funso ndi lakuti majisitireti ananena chiyani. Pa chikalata panalembedwa kuti R1 500 kapena miyezi 3. Liwu lakuti “kapena” likutanthauza kuti mwayi wa chindapusa unalipo, ndipo kulephera kulipira sikusintha chilangocho kukhala ndende yeniyeni. Chimodzimodzinso amene anakhala pa rimandi miyezi yambiri kudikira mlandu, kenako n'kupatsidwa chilango choimikidwa: masiku a rimandi si chilango. Zikanakhala zosiyana ngati khoti likanati miyezi 6, itatu yoimikidwa ndipo itatu akagwire. Chilango choimikidwa mbali imodzi yokha sichili m'ndandanda uja, ngakhale munthu atakhala m'ndende masiku ochepa kuposa a Mayi N.

Chimene chinafuna kuonetsetsa chinali chakuti kodi mlandu wa 2017 sunaononge mwayi wa mlandu wa 2009, popeza unagwa mkati mwa zaka 10 zija. Sunaononge. Chimene chimatsekereza ndi ndende yopanda chindapusa, ndipo R500 si ndende. Tinaonanso za makaundula awiri aja: amene anakangana naye mu 2017 anali munthu wamkulu, ndipo mayiwa sali m'kaundula aliyense.

Zotsalazo zinali zolembalemba. Fomu yake ndi J744, imene imatchedwanso Form A, ndipo imapezeka pa intaneti kapena kukhoti la majisitireti. Tinakopera nambala ya mlandu, khoti, tsiku ndi chilango ndendende mmene zalembedwera pa police clearance, osasintha ngakhale chilembo, tinamatako chikalatacho, n'kutumiza ku ofesi ya Director-General ku Pretoria. Chikalata cha polisi chiyenera kukhala chotuluka zaka 10 zija zitakwana kale. Chotengedwa msanga, ngakhale ndi mwezi umodzi, chimabwezetsa pempho. Pempholi ndi laulere ndipo silifuna loya.

Ndiyenera kunenapo za ulerewu. Asanabwere kwa ife, Mayi N. anali atalankhulana pa WhatsApp ndi munthu wina amene anati ali ndi mnzake mkati, ndipo kwa ndalama zokwana malipiro a mwezi wathunthu achotsa zonse m'sabata imodzi. Mwamwayi anali asanapeze ndalamazo. Alipo makampani oona amene amalipiritsa kulemba fomu ndi kulondola pempho, ndipo amenewo salakwira lamulo, ngakhale akugulitsa chinthu chimene munthu angachite yekha. Koma wolonjeza kuchotsa mlandu umene lamulo silinalole, kapena ndi wakuba chabe, kapena akukokera munthu mu mlandu watsopano. Kufufuta mbiri popanda satifiketi ndi mlandu umene chilango chake chingafike zaka 10 m'ndende.

Panapita miyezi ingapo. Dipatimenti inalemba kuti satifiketi yaperekedwa ndipo yatumizidwa ku Criminal Record Centre, chifukwa ndi apolisi amene amachotsa mzere mu kompyuta, osati dipatimentiyo. Fayilo sititseka pa kalata imeneyi. Tinadikira kalata ya apolisi yotsimikiza, kenako mayiwa anakadindanso zala. Police clearance yatsopano inabwera mu 2023 ili ndi mzere umodzi.

Mlandu wa 2017

Nkhani yake ndi iyi. Anakangana ndi mnansi pa za madzi otayidwa pakhomo, mawu anakula, anakankhana, mnansiyo anagwa n'kusupuka pachigongono. Mnansiyo anakadandaula ku polisi. Mayi N. anatengedwa Lachisanu madzulo. Malinga ndi kunena kwawo, anauzidwa kuti asankhe: kugona m'chitokosi mpaka Lolemba, kapena kulipira R500 n'kumapita kwawo. Kunyumba kunali ana awiri okha. Anabwereka ndalamayo, anasaina pamene anawalozera, anapatsidwa risiti, n'kutuluka. M'maganizo mwawo imeneyo inali belo, kapena chindapusa ngati cha pamsewu. Popeza palibe amene anawaitananso, anaona ngati nkhani inafera pomwepo.

Chimene anasaina chinali chikalata choitanira munthu kukhoti, chimene apolisi amachitcha J534, pa mbali yake yovomera kulakwa. Gawo 57 la Criminal Procedure Act lija limanena kuti chindapusa chotere chikalipidwa n'kulembedwa m'buku la milandu ndi kalaliki wa khoti, munthuyo amatengedwa ngati khoti lamupeza wolakwa ndi kumulanga. Sipakhala mboni, sipakhala loya, munthu saonana ndi majisitireti. Ngati zala zinadindidwa, mzere umakafika ku Pretoria, ndipo kumeneko umaoneka chimodzimodzi ndi wa munthu amene mlandu wake unazengedwa mwezi wathunthu.

Kwa munthu wofuna ntchito yosamalira okalamba, mzere umenewu ndi wolemera kuposa uja wa kuba. Woyang'anira nyumba ya okalamba akaona mawu akuti kumenya munthu, sangadziwe kuti kunali kukankhana pa chidebe cha madzi. Amaganiza za agogo amene sangathe kudziteteza, ndipo ine sindingamunene kuti walakwa kuganiza choncho.

Gawo 271B likuulola mlanduwu, popeza ndi chindapusa chokha, koma zaka 10 zimakwana mu 2027. Palibe njira yofupikitsira. Director-General alibe mphamvu yochotsa ngakhale tsiku limodzi.

Tinakhala pansi n'kuona njira zina. Yoyamba inali chikhululukiro cha pulezidenti, chimene chili m'gawo 84(2)(j) la malamulo oyendetsera dziko. Imeneyi ndi njira ya amene chilango chawo sichili m'ndandanda uja, monga amene anagwira ndende yeniyeni, ndipo kumeneko ndiye makalata a abusa ndi a mabwana amawerengedwa. Koma chikhululukiro si ufulu wa munthu, chimatenga nthawi yaitali, ndipo kwa munthu amene khomo wamba lidzamutsegukira pakapita zaka zochepa sindinaone kuti n'chanzeru kuikapo mtima.

Yachiwiri ndi imene inatitengera nthawi: kupempha khoti lalikulu kuti liunikenso n'kuthetsa chigamulocho, pa chifukwa chakuti mayiwa anavomera kulakwa osadziwa chimene akuvomera. Njirayi ilipo ndipo ena yawathandiza. Mu 2012 khoti lalikulu la Western Cape, pa mlandu wa S v Parsons ndi wa S v Tong, linathetsa zigamulo zotere chifukwa anthuwo sanauzidwe kuti kulipira kuwapatsa mbiri ya mlandu. Koma zigamulo zimenezi zimamanga makhoti a chigawo chimenecho. Kwina zimangokhala zothandiza kukopa woweruza, ndipo si oweruza onse amene anagwirizana nazo. Mlandu wa Mayi N. sunali ku Western Cape.

Ine si loya, choncho pa mbali imeneyi tinapempha loya amene amatithandiza mwaulere. Iye anafuna zinthu zitatu: kope la chikalata chimene anasaina, chikalata cholumbira chofotokoza zimene zinachitika usiku uja ndi chifukwa chimene akhalira chete zaka zonsezi, ndi umboni wakuti akanakana mlandu akanakhala ndi podzitetezera. Kope tinalipeza kwa kalaliki wa khoti. Linatifooketsa. Pamwamba pa siginecha yawo panali ndime yonena kuti wolipirayo wauzidwa zotsatira zake. Mayiwa akuti sanawerenge, ndipo palibe amene anawawerengera. Inali nthawi ya usiku, ndipo Chingerezi cha zamalamulo si chimene amalankhula. Ine ndimawakhulupirira. Koma kukhoti kukanakhala mawu awo kulimbana ndi siginecha yawo yomwe, patapita zaka zisanu.

Podzitetezera panalinso pofooka. Ndinawafunsa kuti anayamba kukankha ndani. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, “Ndine, bambo. Iye anayamba kutukwana, koma dzanja linayamba ndi langa.”

Ndipo panali chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira. Khoti lalikulu likathetsa chigamulo, silinena kuti munthu ndi wosalakwa. Limangobweza nkhani pamene inali asanalipire. Ndalama imabwezedwa, koma oimira boma pa milandu ali ndi ufulu woyambanso kuzenga. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo pano lamulo likugwirizana nawo: gawo 18 limapereka zaka 20 zozengera milandu yambiri, kuphatikizapo wotere. Mnansi uja akadali pomwepo, mpanda umodzi. Ngati mlandu ukanazengedwa n'kupezeka wolakwa, zaka 10 zikanayamba kuwerengedwa kuchokera pa chigamulo chatsopanocho. Munthu amene akanamasuka mu 2027 akanadzamasuka cha m'ma 2033 kapena kupitirira.

Loya uja anawafotokozera zonsezi mosabisa, ndipo anati ngati akufuna, iye alemba. Tinawapatsa nthawi yokaganiza. Anabwerera n'kunena kuti adikira. Anati pakali pano iwo ndi mnansi uja amapatsana moni, ana awo amayendera limodzi kusukulu, ndipo safuna kudzutsa zimene zinagona. Ndikanakhala ine ndikanasankha chimodzimodzi, ngakhale ndikudziwa kuti pa fayilo ina, pamene kope lilibe chenjezo ndipo munthu ali ndi podzitetezera, ndingalimbikitse kupita kukhoti lalikulu mosazengereza.

Kukhala ndi mzere umodzi

Ntchito yotsala inali yakuti mayiwa adye chiyani kufikira 2027. Apa ndi pamene makalata a mu jumbo anatulukanso.

Tinalemba nawo kalata ya tsamba limodzi yoti azipereka okha kwa wolemba ntchito asanadinde zala. Imanena kuti pa police clearance pali mzere umodzi wa 2017, kuti unachokera pa mkangano ndi mnansi wamkulu mnzawo, kuti analipira R500 ku polisi osapita kukhoti, ndi kuti udzayenera kufufutidwa mu 2027. Ilibe kudandaula kapena kunyoza mnansi. Kumbuyo kwake tinamatako kalata ya mphunzitsi ndi ya banja lija. Chimene ndaona pa ntchitoyi n'chakuti wolemba ntchito amene wamva nkhani kuchokera pakamwa pa mwini wake amafunsa mafunso, pamene amene waitulukira pa kompyuta amangotseka fayilo.

Mayi N. anafunsa ngati ayenera kutchulanso za 2009. Ndinawauza kuti pa funso lakuti kodi muli ndi mbiri ya mlandu, wa 2009 sulinso m'mbirimo ndipo sayenera kuutchula. Koma ndinawachenjeza kuti kufufuta kumachotsa mzere m'mabuku a boma, sikusandutsa zimene zinachitika kukhala zosachitika. Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linanena zofanana ndi zimenezi mu 2011 pa mlandu wa The Citizen v McBride, wokhudza chikhululukiro cha Truth and Reconciliation Commission, bungwe limene linafufuza nkhanza za nthawi ya ulamuliro wa tsankho: chigamulo chimafafanizidwa pamaso pa lamulo, koma anthu saletsedwa kunena zoona za kale. Ndiye ngati adzakumana ndi fomu ya dziko lina yofunsa kuti kodi munamangidwapo kapena kupezekapo wolakwa, monga mafomu ena a viza, adzabwere tidzaione kaye asanayankhe, chifukwa lamulo la South Africa silimanga boma la eni.

Panalinso ejenti uja. Zotsatira zakale za mizere iwiri zinali zikadali mu fayilo yawo kumeneko, ndipo bwana aliyense wofunsa za iwo akanaziona. Tinalemba kalata pansi pa Protection of Personal Information Act 4 ya 2013, imene imapatsa munthu ufulu wopempha kuti uthenga wakale kapena wosalondola wonena za iye ukonzedwe kapena uchotsedwe, n'kumatako police clearance yatsopano. Anayankha kuti asintha. Sitepe imeneyi anthu amaiwala kawirikawiri: boma likhoza kufufuta, koma makope amene anatuluka kale sadzifufuta okha.

Mu 2024 khoti la zantchito linagamula mlandu wokhudza kampani ya LexisNexis, imene inabweza ntchito imene inali itapereka kale itaona milandu yakale ya munthuyo. Khoti linati kukana munthu chifukwa cha mbiri ya milandu imene sikhudzana ndi ntchitoyo ndi tsankho losaloledwa pansi pa Employment Equity Act, lamulo loletsa tsankho pa ntchito. Chigamulochi n'chothandiza kwambiri pa mafayilo ena. Kwa Mayi N. chili ndi malire, chifukwa nyumba ya okalamba ikhoza kunena mosavuta kuti mlandu womenya munthu ukukhudzana ndi ntchito yosamalira anthu ofooka.

Malo awiri anawakana ngakhale anapereka kalata ija. Achitatu, nyumba yaing'ono yosungirako okalamba, anawalemba, koma kochapira zovala, osati kosamalira odwala. Mayi woyang'anira nyumbayo anawauza kuti bodi yawo silola munthu wa mzere wotere kugwira odwala, ndipo akadzabweretsa pepala loyera adzawaganizira. Malipiro a kochapira ndi otsika kuposa a ntchito imene anaphunzira.

Maganizo anga pa fayiloyi

Gawo 271B ndi lamulo labwino pa chinthu chimodzi chachikulu: silipempha munthu kugwada. Amene wakwanitsa zofunika amapatsidwa, kaya ali ndi loya kaya alibe. Koma zaka 10 zomwezo zimagwera aliyense mofanana. Amene anapatsidwa zaka zisanu zoimikidwa pa mlandu waukulu wachinyengo, atazengedwa ndi loya wake pambali, amadikira zaka 10. Mayi amene analipira R500 usiku kuti akagone ndi ana ake amadikiranso zaka 10. Zimenezi ine sindiziona chilungamo chake. Lamulo la ana, Child Justice Act 75 ya 2008, linasiyanitsa kale: milandu yaing'ono zaka 5, yokulirapo zaka 10. Palibe chimene chingalepheretse kuchita chimodzimodzi kwa akuluakulu pa zindapusa za ku polisi.

Nyumba ya malamulo yasonyeza kuti vutoli ikulidziwa. Pa nthawi ya Covid-19, kuyambira mu Marichi 2020, anthu ambirimbiri analipira zindapusa zovomera kulakwa chifukwa chophwanya malamulo oletsa kuyenda, ndipo anadzidzimuka atapezeka ali ndi mbiri ya mlandu. Judicial Matters Amendment Act ya 2023, imene inasainidwa mu 2024, inakonza zoti mizere imeneyo ifufutidwe, ndipo inapatsa nduna mphamvu yotchula milandu ing'onoing'ono imene chindapusa chake sichidzasiyanso mbiri. Mlandu wa Mayi N. si wa Covid-19, choncho kufufuta kumeneko sikunawafike, ngakhale njira imene anaupezera ndi yomweyo: kauntala ya polisi, mantha ogona m'chitokosi, ndi siginecha.

Kwa anzanga ogwira ntchito ngati yathuyi, phindu lalikulu lili pa usiku umenewo, munthu asanasaine. Tsopano aliyense wotiimbira foni ali ku polisi timamufunsa kaye kuti pepala limene apatsidwa lalembedwa chiyani. Belo imabwezedwa mlandu ukatha ndipo si kuvomera kulakwa. Chindapusa chovomera kulakwa sichibwezedwa ndipo n'chigamulo. Munthu ali ndi ufulu wokana kulipira n'kupempha tsiku la khoti, kumene angapeze loya wa Legal Aid South Africa, bungwe la boma lopereka maloya aulere kwa osauka, ndipo pa milandu yaing'ono ngati ya anansi oimira boma nthawi zambiri amalola kuyanjanitsa anthuwo kapena kupereka njira ina yosasiya mbiri.

Mmene fayilo ilili pano

Mlandu wa 2009 unafufutidwa ndipo zatsimikizika ndi police clearance ya 2023. Wa 2017 ulipobe. Fomu J744 yachiwiri tinalemba kale, yangotsala deti ndi siginecha. Tsiku lowerengera zaka 10 ndi limene lalembedwa pa police clearance ngati tsiku lopezeka wolakwa, osati la pa risiti yawo, chifukwa masiku awiriwa asiyana ndi milungu iwiri. Tinagwirizana kuti adzakadinda zala tsikulo litadutsa, osati lisanafike, ndipo pempho lidzatumizidwa chikalatacho chikangofika. Ndinawauzanso kuti chindapusa china chilichonse pakati apa sichingatsekereze pempho la 2027, koma chidzabweretsa mzere watsopano wokhala ndi zaka zake 10, choncho asasaine pepala lililonse la polisi asanatiimbire. Mayi woyang'anira nyumba ija wavomera kulemba kalata yotsimikiza lonjezo lake lowaganizira pa ntchito yosamalira odwala, kuti ngati iye atachoka pamalopo, wolowa m'malo mwake adzaipeze mu fayilo.